Boti la mamita 7 ndi la mamita 11, mmisiri mmodzi, doko limodzi

Anzanga ogulitsa usipa ku Limbe ndi ku Lunzu akhala akundifunsa za boti langa, makamaka amene apeza kangachepe ndipo atopa kudikirira nsomba za eni pa doko. Funso lawo ndi lomwelo: akhometse lalikulu kamodzinkamodzi, kapena ayambe ndi laling'ono? Ndiyankha onse pamodzi pano, chifukwa amisiri amene anakhoma boti langa ndi omwewo anakhoma la alamu anga, ndipo maboti awiriwa amagona pa doko limodzi kuno ku Mangochi, chakufupi ndi Namiasi. Langa ndi la mamita 7, injini yake Yamaha Enduro ya mphamvu ya mahosipawa 15. La alamu ndi la mamita 11, injini ya 40. Onse ndimawaona akunyamuka madzulo, ndimawaona akubwera m'mawa, ndipo kope la ndalama la maboti onse awiri limakhala ndi ine poti alamu ndi cholembera sagwirizana.

Dzina la amisiriwo ndilisunga. Kutsogoloku ndiwadandaula, ndipo ndife anthu a maliro amodzi. Amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, pambali pa kashedi ka malata, ndi anyamata ochepa. Zipangizo zambiri ndi zamanja: sowo, kasemasema, pulena, nyundo. Amati ntchito anaiphunzira kwa mkulu wina amene anadutsa ku Mpwepwe, komwe kuli sukulu ya boma ya za nsomba ndipo kwadziwika kuyambira kale pa zokhoma maboti a matabwa. Kaya ndi dzanja la mkuluyo kaya ndi lawolawo, maboti awo amadziwika munthu ali patali: mphuno yotukuka, mimba yotakata pakati, kumbuyo kophwatalala bwino.

Tsiku loyamba kukambirana, anandifunsa ntchito imene boti lidzagwire, ndipo ndisanamalize kuyankha anali atayamba kale kundikokera ku lalikulu. “Mayi, inu mwakula pa bizinesi, kanthu kakang'onoka mudzakatopa nako chaka chisanathe.” Sindiwaimba mlandu. Lalikulu ndiye lowapatsa ndalama, komanso mawu awowo si bodza lonse. Boti la mamita 11 likamatuluka, anyamata khumi atakhala pa ukonde wa chilimira, mabwato a nyali ali pamwamba, injini ikubangula, doko lonse limatembenuka. Mwini wake amayamba kutchedwa bwana ngakhale ndi anthu amene anakula naye. Wina adzati zimenezo n'zachabe, koma pa doko ulemu umagula zinthu: wogulitsa petulo amakukongoza, siginala (wotsogolera posaka nsomba ndi nyali) wodziwa ntchito amabwera yekha kudzapempha malo, ndipo pa msonkhano wa komiti ya pa doko mawu ako amamveka. Ine boti langa likamatuluka palibe amadzutsa mutu.

Ndipo nsomba zasunthadi. Chambo chimene makolo athu ankakoka ndi khoka pafupi pomwepa chinachepa kalekale, ku Malombe chinayamba kutheratu cha m'ma 1990. Lero ndalama ya nyanja ili mu usipa, ndipo usipa wambiri uli kutali, kupitirira chilumba cha Boadzulu, cha ku Makanjira uko. Kuti ukaufike uyenera kunyamula chilimira chonyowa, alovi (anyamata okoka ukonde), mabatire a magetsi owunikira, zigubu za petulo, ndi malo otsala oti nsomba zikakhalemo pobwerera. Boti langa silingathe zimenezo, ndipo amene angakuuzeni kuti la mamita 7 lingayendetse chilimira palokha akufuna kukuphetsani ana a eni. Usiku umodzi wabwino, alamu amatsitsa usipa umene ine ndingausonkhanitse mwezi wathunthu. Mathandala oyanikapo nsomba amadzaza mpaka kubwereka a anansi. Masiku otero ndimakhala chete, ndipo nsanje imandigwira ndithu.

Koma kope ndi limene limandibweza mtima, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri sawerengera. Mainjini onsewa ndi osakaniza petulo ndi oyilo. Ya 40 ikafinyidwa mpaka kumapeto imamwa malita pafupifupi 20 pa ola, pamene ya 15 sifika malita 8. Palibe amayendetsa chofinya ulendo wonse, koma kusiyanako kumakhalabe kowirikiza kawiri ndi kupitirira. Onjezani kuti lalikulu limapita kutali, ndipo siginala akaona kuti pamalo palibe kanthu amasamuka, nthawi zina kangapo usiku umodzi. Petulo ameneyo amagulidwa madzulo, nsomba zisanaoneke. Mukabwera chimanjamanja, wapita basi, ndipo mawa madzulo afunikanso wina. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse cha pa boti chochokera kunja chinakwera nayo: oyilo, mapulagi, ukonde, zingwe, mabatire. Petulo akasowa pa filing'i sitesheni pa boma, wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu amadula moti nkuwawa mutu. Ine malita ochepa ndimatha kuwasakasaka pa kabaza m'mawa umodzi. Alamu amafunika zigubu zingapo, ndipo zikapanda kupezeka boti limagona, alovi n'kumadya ufa wa bwana.

Za alovizo. Kagawidwe ka alamu ndi kamene ambiri amatsata kuno: akagulitsa nsomba amachotsa kaye za petulo ndi chakudya, zotsalazo n'kugawa pakati, theka la mwini zipangizo, theka la anyamata. Zikuoneka zachilungamo, ndipo n'zachilungamodi pamene nsomba zafa. Zikapanda kufa masiku otsatizana, ngongole ya petulo imaunjikana pa mutu pa mwini, anyamata amabwera kudzapempha za sopo, za fodya, za mwana wodwala, ndipo ukakana mawa amakwera boti la wina. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera pa nyali, ndiye mwezi uliwonse pali masiku amene chilimira chimangoyanikidwa pa mchenga anthu akusoka. Masiku amenewonso anthu amadya. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo m'kope la alamu nkhonyazo ndimaziwerenga ndi maso anga.

Langa limayenda ndi anthu atatu, mwana wa mchemwali wanga ndi anzake awiri. Madzulo amakatchera maukonde a matchera pafupi, m'bandakucha amakawonjola, kenaka amapita kukachingamira maboti a chilimira asanafike pa doko, n'kugula usipa pamadzi pomwepo mtengo usanakwere ndi mkangano wa amayi anzanga pa mchenga. Apa m'pamene boti laling'ono linandibwezera ndalama yanga, osati pa matchera ayi. Usipa wogula pamadzi umafika pa thandala dzuwa lisanatenthe, ukadali wolimba, ndipo wofutsa wake amatuluka wowala, wosaphwanyika mimba. Ku Limbe makasitomala amadziwa kusiyanitsa. Mwezi ukawala, botilo limanyamula matumba a ufa, simenti kapena malata kuwolotsa tsidya la ku Malindi. Silipuma kwenikweni, chifukwa kulidzutsa sikufuna ndalama zambiri. Ntchito yaing'ono yomwe alamu sangayatsire injini ya 40, ine ndimaitenga.

Mwana wa mchemwali wanga uja anayesapo kutsika nalo mu Shire, kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Malombe, kukagula kambuzi. Linayenda bwino poti kumeneko madzi ndi osaya ndipo boti lopepuka silikhudza pansi, kungoti namasupuni amakola pulopela ndipo mvuu za mumtsinjemo sizifuna phokoso. Phindu lake silinandikhutiritse, sitinapitirize.

Tsopano mphepo, imene aliyense wokonda boti lalikulu amayambira kutchula. Mwera umawomba kuchokera kummwera nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nthawi zina kupitirira. Ife a kuno kumunsi kwa nyanja umatinyenga, chifukwa pa doko madzi amaoneka ofatsa, ndipo potuluka mphepo imakukankha kumbuyo, ulendo n'kumakoma. Mafunde amakula pamene ukupita kumpoto. Vuto limadza pobwerera, boti litalemera, mphuno ikulimbana ndi funde lililonse. Apa la mamita 11 limapambana popanda mkangano. Kutalika kwake kumalithandiza kukwera mafunde awiri nthawi imodzi, kulemera kwake kumaliletsa kudumphadumpha, ndipo injini ya 40 ili ndi mphamvu yokankha. Langa limamenyetsa mimba pamadzi, madzi amalowera kutsogolo, mmodzi amasiya zonse n'kumangokapa ndi chigubu chodula. Tsiku lina mu Julayi anyamata anga anathawira ku gombe lina n'kugona komweko, foni itanyowa, ine kuno ndikuzungulira pa mchenga osadziwa choti ndikawauze amayi awo. Chichokereni apo lamulo ndi loti mwera ukalimba boti silipitirira pamene munthu woima pa doko angalione. Ndiye kuti miyezi yozizira ndimataya masiku ambiri ndithu, pamene alamu akugwira ntchito. Amene akuganiza zogula laling'ono awerengere zimenezi.

Chimene okonda lalikulu satchula ndi mpoto. Nyengo ya mvula mphepo imatembenuka n'kuchokera kumpoto, ndipo mafunde amakhala atayenda mtunda wautali asanadzaswekere pa magombe athu ano. Boti limene lili m'mphepete limamenyetsedwa pa mchenga usiku wonse, misomali n'kumasukusuka. Langa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amalikokera kumtunda pa mitengo yogubuduza, nkhani yatha, tonse tikagone. La alamu kulikoka ndi ntchito ya doko lonse, ndipo anthuwo sakoka ulere. Kawirikawiri amangoliponyera nangula chapatali, mnyamata mmodzi n'kugona momwemo akukapa. Mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete muno, mchenga wathu unatsala kamzere chabe. Mathandala tinasamutsa, ndipo malo okokerapo boti la mamita 11 panalibiretu. Langa linagona kuseri kwa khitchini yanga.

Ndibwerere kwa amisiri, poti ubwino wa boti umayambira pa thabwa. Mtengo umene aliyense amaufuna ndi mlombwa, chifukwa suwola msanga m'madzi ndipo sukhwinyata kwambiri ukauma. Wasowa, ndipo ukapezeka ndi wodula. Amisiriwa amakuuza poyera kuti pali njira zitatu: mlombwa wokhawokha, kusakaniza, kapena matabwa otchipa monga paini. Paini musalole, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Ine ndinasankha kusakaniza: msana wa pansi, nthiti ndi matabwa onse okhala m'madzi ndi mlombwa, a pamwamba ndi malaina. Pa boti la mamita 7 zimenezi zinatheka popanda kugulitsa mbuzi zonse. Pa la mamita 11 matabwa ofunika ndi ochuluka koposa mmene munthu angaganizire poyang'ana kutalika kokha, chifukwa limakulanso m'lifupi ndi m'kuya, nthiti zimachuluka ndipo ziyenera kunenepa. Mtengo wa thupi lokha la boti la alamu unaposa wanga kuwirikiza kawiri, injini tisanaiwerengere. Palinso china chimene ndinachiona pokhoma: matabwa aatali a mlombwa sapezekanso, ndiye boti lalitali limakhala ndi molumikiza mwambiri, ndipo polumikiza paliponse ndi pamene madzi adzayambire kulowa zaka zikamapita. Langa molumikiza ndi mowerengeka.

Pa ntchito ya pansi pa madzi ndiwayamikira ndi mtima wonse. Matabwa anagundana bwino, m'mipata anatsekamo thonje n'kumata phula mosamala, ndipo boti litangonyowa n'kufufuma linasiya kudontha. Mpaka lero madzi amene timakapa m'mawa ndi a mafunde ndi mvula, osati olowera pansi. Ndinawapempha kuti awonjezere thabwa limodzi m'mbali kuti boti likhale lozama pang'ono kuposa ena a msinkhu wake. Ananyinyirika kuti liwoneka ngati bokosi, koma anachita, ndipo thabwa limenelo ndi limene limatchinga madzi ambiri mphepo ikadzuka mwadzidzidzi. Aliyense wokhometsa laling'ono apemphe zomwezo. Misomali ndinagula ndekha, yosachita dzimbiri, n'kukaipereka m'manja mwawo. Mukasiyira mmisiri aliyense kuti agule yekha, mudzapeza misomali wamba ya denga, ndipo pakatha zaka ziwiri mudzaona mizere yofiira ikutsika m'mbali mwa boti.

Zodandaula zilipo zitatu, ndipo sizofanana kukula. Chaching'ono: salemba lisiti. Ndalama timapereka katatu, poyamba ya matabwa, pakati nthiti zikaima, yotsala boti likalowa m'madzi, ndipo zonsezo iwo amasunga m'mutu. Pitani ndi kope lanu ndi mboni. Chachiwiri ndi nthawi. Analonjeza kuti boti lituluka mwera usanayambe, linatuluka mwera utatha. Ukapita kukafunsa amakulandira bwino, “Mayi, khalani pansi, sabata ya mawa lomweli likhala pamadzi,” uku anyamata akukhoma boti la munthu wina amene wabwera ndi ndalama dzulo. Chachitatu ndicho chinandipweteka: matabwa a malaina a pamwamba anali asanaume. Dzuwa la Okutobala litawomba anakhwinyata, mipata inatseguka moti chala cha mwana chimalowa. Anabwera kudzatseka osalipiritsa, ndipo anabwera tsiku lomwe ndinawaitana, izo ndivomereza. Koma ndi ntchito imene sikanafunika akanadikira kuti matabwa aume.

Pa boti la alamu cholakwika chinali chachikulu kuposa apa. Thabwa lakumbuyo, pomangirira injini, analiika lofanana ndi la maboti ang'onoang'ono, pamene injini ya 40 ndi yolemera kuwirikiza ya 15 ndipo imakankha mwamphamvu. Linayamba kung'aluka pa mabawuti nyengo yoyamba yomwe. Mwayi mnyamata woyendetsa anaona msanga, apo ayi injini ikanatsala pansi pa nyanja. Anasintha n'kuika lonenepa ndi zochirikiza m'makona, koma matabwa ake anagula alamu. Maganizo anga ndi oti dzanja la amisiriwa linazolowera maboti a mamita 6 mpaka 8, amene amakhoma chaka chonse. Aakuluwa amakhoma mwa apo ndi apo, ndipo amangokulitsa muyeso wa laling'ono m'malo moganiza mwatsopano. Amene akufunadi lalikulu ayambe wapita kukaona maboti aakulu amene mmisiri wakeyo anakhoma zaka zapitazo, alankhule ndi eni ake, ayang'ane kumbuyo ndi molumikiza.

Kukonza chaka ndi chaka nakonso kumatsata msinkhu. Langa timaligudubuza pa mchenga, kupala, kumata, kupaka penti, masiku ochepa latha. La alamu kuligadamitsa kokha kumafuna anthu oitanidwa ndi nsima yophikidwa. Zipangizo za mainjini onse awiri zimapezeka pa boma ndi ku Monkey Bay, ndipo amakaniko a m'madoko muno Enduro amaidziwa ngati chikhatho chawo, ichi n'chifukwa chake sindinayang'ane mtundu wina. Chenjerani ndi mapulagi ndi oyilo zachinyengo, zadzaza m'mashopu ena. Injini ya 15 munthu mmodzi amainyamula paphewa kukaigoneka m'nyumba. Ya 40 imafuna awiri amphamvu, ndiye ulesi ukagwira anyamata imagona pa boti, ndipo akuba mainjini pa nyanja pano sagona.

Ena amafuna lalikulu poganiza zonyamula anthu ndi katundu kupita ku Makanjira, makamaka nthawi ya mvula pamene msewu wa kumeneko umavuta. Ndalama ilipo, koma ndi bizinesi ina, yofuna kuti boti liyenderedwe ndi a boma oona za maulendo a pamadzi, likhale ndi majekete oyandamitsa, ndiponso woyendetsa wodziwa kukana. Chimene ndaona n'choti boti likakula, anthu amaleka kuliopa. Thumba lina, njinga ina, mayi wina ndi ana ake, mpaka madzi atsala chikhatho chimodzi kuti alowe. Laling'ono limaopsa lokha, munthu wachisanu ndi chiwiri asanakwere onse ayamba kale kukuwa.

Ndiye kwa anzanga ofunsa aja ndikuti chonchi. Ngati muli kale ndi chilimira, muli ndi siginala amene mumamukhulupirira, ndipo mungathe kugula petulo wa masabata awiri nsomba zisanafe osakongola kwa munthu, khometsani lalikulu, lidzakubwezerani, koma mmisiri mumusankhe mosamala kuposa mmene tinachitira pa la alamu. Ngati ndalama yanu ikuthera pa boti ndi injini basi, ukonde mukuti mudzaona kutsogolo, lalikululo lidzakhala pa nangula mukulipira mlonda. La mamita 7 kwa amisiri amenewa ndi katundu wabwino pa mtengo wake, bola mugule nokha misomali, muone ndi maso kuti matabwa ndi ouma, muwonjezetse thabwa la m'mbali, ndipo tsiku limene akulonjezani muwonjezerepo miyezi iwiri mumtima. Matabwa gulani chilimwe chikuyamba, muwaimike pamthunzi kwanu, mukawapereke ataumiratu.

Ineyo ndapereka kale ya matabwa a boti lachiwiri kwa amisiri omwewo. Ndi la mamita 7 lomwe, lopanda injini, loti lizikokedwa ndi loyambalo pokagula usipa pamadzi masiku amene nsomba zafa zambiri. Alamu akuti ndikuopa kukula. Mlombwa wa botilo uli kuseri kwa nyumba ukuuma, ndipo ulendo uno tsiku lotulutsa boti talemba pa pepala, amfumu a pa doko asainira.